Nkhope za m'Makutu: Momwe Mau a Ndakatulo Anaumbira Cauta, Mbona ndi Napolo

Mlendo wofuna kuona cifaniziro ca Cauta pakati pa Acewa angathe kuyenda kucokera ku Katete mpaka ku Nkhotakota, ndi kutsika ndi mtsinje wa Shire kufikira ku Nsanje, koma adzabwerako cimanjamanja. Si kuti makolo athu analibe luso la manja ai. Anasema mitondo, ng'oma ndi mabwato; anasula makasu ndi mikondo; ndipo pa matanthwe a ku Chongoni, kufupi ndi Dedza, pali malo 127 a zojambula zakale, zofiira za Akafula ndi zoyera za Acewa. Koma nkhope ya Mlengi palibe amene anaisema, ndipo ku Khulubvi, kumene Mbona wakhala akukumbukiridwa kwa zaka mazana angapo, kuli kacisi wa udzu, fano kulibe. Ngakhale ziri tero, mwana ali yense wokulira pa mudzi anali kudziwa kuti Mphambe ngwaukali, kuti Namalenga ngoleza mtima, ndi kuti Napolo sayenda monga njoka zina. Anazidziwa bwanji popeza sanazione? Anazimva. Makolo anajambula akuluakulu a m'mbiri yathu yakale ndi lirime, mmero, manja ndi cikopa ca ng'oma, ndipo thanthwe limene anajambulapo linali khutu la womvera.

Ponena ndakatulo muno sitikunena za m'mabuku a sukulu zokha. Tikunena mau onse amene anthu amawayala mwaluso kuti akome ndi kulemera pomveka: mapemphero a pa kacisi, nyimbo zolowa m'kati mwa nthano, nyimbo za cinamwali ndi za gule, ndi maina otamanda mafumu. Nyimbozo ziri ndi eni ace, ndipo zina ziri ndi mwambo wosayenera kuyalidwa pa pepala lopita m'manja mwa aliyense. Motero sitidzalemba nyimbo iri yonse pano. Tidzangoyang'ana zipangizo zimene oyimba ndi okamba anagwiritsa nchito, ndi zimene zinazigwera m'kupita kwa zaka.

DZINA NDIYO NDAKATULO YAIFUPI

Inu amene mwafika pano pa Mkaika mwamva kale maina atatu a mwini mwambo uno. Kalonga amalonga mafumu, Gawa amagawa dziko, Undi amafungatira anthu ace. Mwamvanso momwe khamu limakokera mau polonjera kuti "Yoo Gawa!" Liu loyambalo simungalimasulire, koma kutalika kwace ndiwo ulemu umene. Wina atalidula mwacangu monga woitana mnzace ku munda, bwalo lonse lingamceukire.

Maina a Mulungu anaumbidwa mwa njira yomweyi. Tachulani pang'onopang'ono dzina lakuti Mphambe. Milomo itsekeka, mpweya uunjikana, kenaka uphulika. Milomo isanapume itsekekanso ndi kugunda kaciwiri. Ndi dzina la mphezi ndi bingu, la Iye wopambana zonse, ndipo m'kamwa mumacitika zomwe zimacitika m'thambo mwezi wa Disembala. Tsono chulani Namalenga. Copulika palibe, lirime lingotsetsereka, mau adzera m'mphuno mofewa monga nyimbo yogonekera khanda. Dzinali licokera ku kulenga, komatu khutu la Mcewa limamvamo kanthu kenanso: "Na-" ujayo ngwa Naphiri, Nabanda ndi namkungwi, ndiye kuti ngwa akazi. Kwa anthu amene amawerenga mbumba kucokera kwa mai, si cinthu cacabe kuti Mlengi achulidwe ndi liu la amai. Cauta, limene ambiri amalimasulira kuti mwini wa uta waukulu uja wa m'mitambo, utawaleza, ndi dzina lotsegula kamwa, loyenera kufuulidwa poyera maso ali kumwamba. Cisumphi lichulidwa motsitsa, milomo itasongoka, ndipo ndilo linali dzina la pa kacisi wa mvula.

Mlendo angayese kuti iyi ndi milungu yambiri. Iai, ndi mmodzi, koma wopemphera anali kusankha pa mainawa monga mlenje asankha mubvi m'phodo. Posankha dzina anali atasankha kale nkhope imene afuna kuti imceukire.

PA KAPHIRINTIWA

Nkhani ya ciyambi ca anthu yadziwika ndi ambiri. Dziko linali louma, lopanda camoyo. Mitambo inasonkhana, mvula inagwa, ndipo mwamuna ndi mkazi anatsika pamodzi nayo atanyamula khasu, licero ndi mtondo. Anatera pa kaphiri ka pamwamba posalala, Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama pa malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo popeza thanthwe linali likali lofewa, mapazi ao anatsala pomwepo. Cauta anatsika nao, ndi nyama zonse zomwe, nakhala onse mu mtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Thengo linapsa. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu. Njobvu, mkango ndi zinzao zinathawira kutali ziri ndi mkwiyo. Birimankhwe anakwera mu mtengo. Koma Cauta, pokhala wokalamba, sanathe kukwera, ndipo kangaude ndiye anamuombera ulusi umene anapita nao kumwamba.

Taisimba nkhaniyi monga imalembedwera m'mabuku, ndipo aliyense amene anaimva kwa agogo ace pa moto adzanena kuti iribe mcere. Cimene casowa ndi mvekero, timau tija timene sitichula cinthu koma timaciimika pamaso pa munthu: waa, bii, psuu, zii, balala, cubwi. Katswiri wa zinenero Clement Doke anatipatsa dzina la m'Cingerezi mu 1935, koma eni ace anali atakhala nato mibadwo yosawerengeka. Wokamba waluso sanena kuti mvula inagwa kwambiri. Amati mitambo bii, mphezi ng'aning'ani, mvula waa. Pofika pa moto mau ace amathamanga: utsi tolo, moto lawilawi, nyama balala, ziboda gududu. Ana amayamba kusunthasuntha pa mphasa. Tsono pofika pa Cauta mau amagwa. Ulusi wa kangaude sulira. Wokambayo amatsitsa liu kufikira kunong'ona, akoka mau amodzi kapena awiri, kenaka aleka: zii. Ndipo omvera, amene madzulo onse akhala akubvomera kuti "tiri tonse" pa mpumulo uli wonse, pamenepo amacedwa kubvomera.

Taonani cimene cacitika. Nyama iri yonse m'nkhaniyi iri ndi phokoso lace, munthu ali ndi lace, moto uli ndi lace. Cauta yekha ndiye wapatsidwa cete. Mwana wa zaka 7 sanauzidwe kuti Mulungu saoneka, kuti ali kutali koma sanafe. Wangomva dzenje m'kati mwa phokoso, ndipo dzenjelo ndiyo nkhope ya Cauta imene adzakhala nayo kufikira imvi. Ine ndiyesa kuti palibe katekisimu amene anaphunzitsa cinthu cimeneci mwacangu kuposa kapumidwe ka nkhalamba yokamba nthano.

Nkhani ya imfa nayonso yagona pa liwiro la mau. Cauta anatuma Birimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzabweranso. Pambuyo pace anatuma Buluzi ndi uthenga wakuti akafa, afa ndithu. Buluzi anampitirira mnzace pa njira, ndipo uthenga wofika msangawo ndiwo unagwira. Maina okhawo akusimba kale nkhani: Bi-ri-ma-nkhwe ndi dzina lolemera, lokakamira ku mapeto, pamene Buluzi lingoterera pa lirime. Wokamba amamuyendetsa Birimankhwe nyang'a, nyang'a, akupuma pakati pa phazi ndi phazi kufikira ana atatopa naye. Kutopa kumeneko ndiko akufuna. Mwana amene wapsera mtima Birimankhwe wamvetsa kale kuti maliro onse a pa mudzi anadza ndi kuzengereza.

KU MSINJA

Kucokera ku Kaphirintiwa kacisi wamkulu wa mvula anasamukira ku Msinja, m'munsi mwa mapiri omwewo, m'boma la Lilongwe. Kumeneko kunali Makewana, mai wa ana onse, amene tsitsi lace silinali kumetedwa kuopa kumeta mvula. Mwamuna wace wa mwambo anali Thunga, njoka ya mzimu. Atsikana omtumikira anali Matsano. Ndipo ng'oma yopatulika yoitanira anthu, Mbiriwiri, inali m'manja mwa Tsang'oma. W. H. J. Rangeley, mkulu wa boma la atsamunda ku Nyasaland, analemba za Makewana mu 1952.

Pa Msinja mau a Cisumphi sanali kufika monga mau a munthu wamba. Makewana akagwidwa ndi mzimu anali kubwebweta. Liu limeneli palokha ndi mvekero: bwe, bwe, milomo ikugundana mau asanapse. Anthu anali kuzindikira kuti wolankhulayo si mkazi amene anamuona dzulo cifukwa liu lasandulika, ndipo anali kugwada asanamvetse n'komwe cimene cikunenedwa. Mphamvu ya uthenga inayamba kukhala m'kamvekedwe kace isanakhale m'tanthauzo lace.

Pemphero la anthu nalo linali ndi kayendedwe kace, kamene mungakamvebe pamene akulu akutsira nsembe. Wotsogolera anena mzere umodzi, khamu liomba m'manja. Achula dzina la kholo, m'manja. Dzina lina, m'manja. Kuombako si kuja kwa pa msonkhano wa ndale, kwa zikhatho zotambasuka. Manja amapindidwa ngati cikho kuti alire mozama. Ena ophunzira amayesa kubwereza kotere kuti ndi umphawi wa mau. Sanaganize bwino. Wopempha kwa mfumu sathamanga. Amabwereza, pakuti kubwereza ndiko kugwada kwa mau. Ndipo manja mazanamazana akamagunda mofanana osalekeza, amamveka ngati madontho oyamba pa nthaka youma, kotero kuti anthu anali kumveketsa kale mvula imene akuipempha. Msinja anapasulidwa pa nkhondo za m'zaka za m'ma 1800, Angoni atalowa m'dzikomo, koma kaombedwe ka m'manja sikanatengedwe ukapolo.

MBONA, NDI NJOKA ZIWIRI

Ku cigwa ca Shire, pakati pa abale athu Amang'anja, kuli nkhani ya Mbona. Iye anali wogwetsa mvula, ndipo anamcitira nsanje. Anathawa kulowera kummwera, akusiya zizindikiro pa miyala pamene anapumula. Adani atampeza, zida zao zacitsulo sizinamlowe, kufikira iye mwini anawauza comuphera, kanthu kofewa ka m'thengo konga tsamba la udzu. Mwazi wace unayenda nusanduka mtsinje, ndipo mutu wace anauika ku Khulubvi, m'boma la Nsanje. Wansembe Matthew Schoffeleers, amene anasonkhanitsa nkhanizi zaka zambiri, anasonyeza m'buku lace la River of Blood la mu 1992 kuti zimasimbidwa mwa mitundu ingapo, ndipo anazigwirizanitsa ndi nkhondo za Lundu za kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600.

Mitunduyo isiyane bwanji, khutu limapezamo cingwe cimodzi. Dzina la Mbona limalira ngati kuona, ngati zoona, ndipo malo amene anaphedwera amachedwa Ndione. Wokamba safunika kulumbira kuti nkhani yace njoona. Nthawi iri yonse pamene achula dzinalo, dzinalo limamlumbirira. Ulendo wothawa uja nawo umasimbidwa ndi mau obwerera: anafika, anagona, anadzuka, anapita, afika pena, cimodzimodzi. Amenewa ndi mapazi. Womvera amayenda naye, atopa naye, ndipo pofika pa Ndione salinso mlendo wa ku dziko lina, wasanduka mbale amene tayenda naye masiku ambiri. Pamenepo mpamene mau olimba aunjikana, mikondo, nkhwangwa, mipeni, zonse gwa, osalowa. Ndipo cimene cimupha cichulidwa ndi liu lofewa koposa onse. Munthu amene zitsulo zinamlephera wafa mwa kufuna kwace, ndipo makutu azimva zimenezi mutu usanaziganize.

Mbona naye amanenedwa kuti amabwera kwa mkazi wace wa pa kacisi, Salima, m'maonekedwe a nsato, monga Thunga kwa Makewana. Njoka ya pa kacisi iri ndi khalidwe limodzi: imafika mwakacetecete, ndipo m'mbuyo mwace mumadza mvula ya mbeu. Tsono iyerekezeni ndi Napolo, njoka ya pansi pa mapiri imene imati ikamasamuka kupita ku nyanja imagumula phiri ndi kukokolola midzi. Okamba za Napolo sayamba ndi utali wace kapena mawanga ace. Amayamba ndi phiri kulira gugugu, miyala kuombana, mitengo phwaa, matope khwekhwerere. Zonse ziwiri ndi njoka, zonse ziwiri nza madzi, ndipo wojambula ndi utoto angazijambule cimodzimodzi. Cozisiyanitsa ndi phokoso basi: ina ndi madzi oleredwa ndi mwambo, inayo ndi madzi opanda mwini.

Napolo si wa kale lokha. Anadutsa pa Zomba mu Disembala 1946, ndipo oyimba a Paseli Brothers anamuika m'nyimbo imene inamveka dziko lonse. Anagumula mapiri a ku Phalombe mu Marici 1991. Mu Marici 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope kucokera pa phiri la Soche ku Blantyre, dzina lomwelo linabwerera m'kamwa mwa anthu. Mlakatuli Steve Chimombo, amene anatulutsa Napolo Poems mu 1987, analemba m'Cingerezi, koma dzinalo sanalimasulire. Ndipo owerenga ambiri anamva kuti pochula cirombo cimene cimadza usiku ndi kusiya mabwinja, akunenanso za ulamuliro woopsa wa masiku amenewo.

ZIROMBO ZA PA BWALO

Wina adzati, nanga Gule Wamkulu amene tikumuona ndi maso lero lino, si zifaniziro kodi? Inde, pano diso lapatsidwa gawo lace, ndipo dziko lonse linabvomera kukongola kwace pamene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005. Komatu cotsani ng'oma, tontholetsani amai oyimba, muone ngati mudzadziwa amene wafika ndi cimene wadzera. Za ku dambwe nza ku dambwe. Ife tinene zimene aliyense amazimva pa bwalo.

Cinenero cathu cimagwirizanitsa mau ku mayambiriro. Tamvani: cirombo cacikulu cija cafika cokha. Azungu amafananitsa mau ku mapeto a mizere, ndipo amakhetsa thukuta kuti atero. Ife kugwirizanako timabadwa nako, ndipo kumalira kutsogolo monga ng'oma yogunda pamodzimodzi. Koma sikungokometsa cabe. "Ci-" ndi "ca-" zimenezi zikulengeza kasanu konse kuti wafikayo si munthu. Palibe amene anganene pa bwalo kuti uje wafika, amati cafika. M'nthano zimatembenuka: njobvu yafika ndi nyama ya m'thengo, koma a Njobvu afika ndi mfumu yokhala ndi bwalo ndi nduna. Kaliu kamodzi ka ku mayambiriro kamasandutsa nyama kukhala munthu, kamasandutsanso cooneka ngati munthu kukhala mzimu.

Maina a zirombo nawo amabvina asanafike eni ace. Cadzunda ndi dzina lolemera, lotsimphina, loyenera nkhalamba yaulemu imene ndiyo tate wa gule. Cimkoko lidzaza m'kamwa monga mwini wace adzazira bwalo. Kang'wing'wi limalira m'mphuno. Codabwitsa ndi Kasiyamaliro. Cirombo cimeneci ncacikulu, ndi mai woperekeza akufa, koma dzina lace liyamba ndi "ka-" wa tinthu tating'ono ndi tokondedwa, ndipo limayenda pang'onopang'ono, Ka-si-ya-ma-li-ro, monga anthu opita ku manda. Mantha ndi cikondi zakhala m'dzina limodzi. Kapoli akamayimba amayimba ndi kaliu kakang'ono kokwera, kosafanana ndi liu la mwamuna ali yense wa pa mudzi, pakuti ocokera kwa makolo sangalankhule monga ife. Ndipo woyimba mbalule, ng'oma yotsogolera, maso ace amakhala pa mapazi a cirombo. Phazi likamenya pansi ng'oma iyankha, mpanje ndi gunda zikusunga njira, kotero kuti sudziwa ngati ng'oma ikutsata phazi kapena phazi likutsata ng'oma.

PAMENE MAU ANALOWA M'PEPALA

Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya ku Blantyre anatulutsa dikishonale yace yaikulu ya Cimang'anja, ndipo mwa ulemu wace tinene kuti mvekero anazilembamo zambirimbiri. Mu 1922 Buku Lopatulika linatuluka lathunthu. M'zaka za m'ma 1940 Samuel Josiah Ntara analemba Mbiri ya Acewa. Izi ndi mphatso zazikulu, ndipo popanda izo zambiri zikanapita ndi nkhalamba. Koma pepala liribe khutu. Mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika amalembedwa cimodzimodzi. Khungu la pa thupi ndi khungu la m'maso cimodzimodzinso. Cowasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liu, ndipo zilembo zathu sizisonyeza zimenezo. Sizisonyezanso momwe timakokera liu lotsatizana ndi lotsiriza tikafika pa mpumulo, kukoka kumene kumapatsa pemphero kulemera kwace. Ndipo cete uja wa pa Kaphirintiwa mungamlembe ndi ciani? Kadontho kamodzi, kofanana ndi kamene kamatsiriza kalata yopempha nchito.

Panali zinanso. Nyimbo za m'chalichi zinalowetsa mau athu m'maimbidwe a ku Ulaya, mau okwera akutsitsidwa, otsika akukwezedwa, malinga ndi kumene nyimbo yacilendoyo ikupita. Omasulira anasankha Mulungu ndi Yehova, ndipo Cauta ndi Cisumphi anatsala kunja pamodzi ndi kacisi. Panapita zaka 76 kuti dzina la Cauta lilowe m'Baibulo, pamene Buku Loyera linatuluka mu 1998. Ku sukulu mvekero zinayamba kuoneka ngati zacibwana, zosayenera munthu wobvala tayi, ndipo ana ena polemba ndakatulo anayamba kusaka mau ofanana ku mapeto a mizere. Nchito imeneyo m'Cicewa njopanda phindu, pakuti pafupifupi mneni ali yense amathera ndi "a". Ufananitse usafananitse, zifanana zokha. Alakatuli ozindikira sanagwe m'mbuna imeneyi. E. J. Chadza anacha buku lace la ndakatulo la mu 1963 kuti Nchito za Pakamwa, ndipo dzinalo likunena lokha kumene ndakatulo iyenera kukhala.

Bwalo nalo linatsekedwa pakamwa. Boma la atsamunda linaletsa Kulamba mu 1934, ndipo mwambo unagona zaka 50 kufikira Kalonga Gawa Undi X anauutsa mu 1984. Gule ndi cinamwali sizinafe m'midzi, koma malo amene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akanamverana kayimbidwe panalibe.

Cimene cinabwezera khutu ulemu wace ndi wailesi. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau mu 1941, ndipo kuyambira 1949 kawailesi kotsika mtengo kochedwa Saucepan Special kanalowa m'makomboni ndi m'midzi. Dziko litalandira ufulu, Julius Chongo anayamba kumveka pa Radio Zambia m'programu ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi, wosaoneka, anali kukhala Kalulu, Fisi, mfumu ndi mfiti mwa kusintha liu lokha, ndipo mvekero zimene sukulu inazinyoza iye anaziwaza ngati mapira pa mphasa. Buku lace lina analicha Fumbi Khoboo!, mvekero iri pa cikuto penipeni. Ernst Wendland, amene anaphunzira nthano za Chongo mozama ndi kuzisindikiza, anagwiranso nchito ndi omasulira Buku Loyera. Motero pali kanjira kocokera pa moto wa agogo, kudzera pa wailesi, kukafika pa guwa.

Mau ena a makolo athu akalipo, koma ali kutali. Hugh Tracey anayenda ku Nyasaland ndi makina ojambulira mau mu 1950, 1957 ndi 1958, natenga nyimbo za Acewa ndi Amang'anja m'midzi yao. Anayendanso muno m'dziko lathu likali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo woyimba wathu Alick Nkhata anagwirapo naye nchito. Zojambulazo zinasungidwa ku International Library of African Music, imene Tracey anaikhazikitsa mu 1954, ndipo mu 1978 inasamukira ku Rhodes University, mu mzinda umene unali kuchedwa Grahamstown, tsopano Makhanda, ku South Africa. Oyimbawo ambiri anagona kale, koma pa matepi amenewo kukoka kwa mau, kapumidwe ndi kaombedwe ka m'manja ziri monga zinalili tsiku limene zinajambulidwa. Mphunzitsi wa Cinyanja ku Katete kapena ku Chadiza akamaphunzitsa nkhani ya Kaphirintiwa amakhala ndi buku ndi coko. Mafumu ndi atsogoleri a mabungwe athu a cikhalidwe angathe kulemba kalata yopempha kuti mau amenewa abwere kuno, akamvekenso m'makalasi ndi pa bwalo lino la Mkaika.